Mabuleki, mpweya ndi dzimbiri: mbiri ya kubulida pa misewu ya Ntcheu

Kuchotsa mpweya m'mabuleki a galimoto, kumene amakaniko amati kubulida, ndi ntchito imene inafika m'boma la Ntcheu pamodzi ndi magalimoto a mabuleki oyendera mafuta, ndipo yakhala ikusintha nthawi zonse pamene mtundu wa magalimoto odutsa m'bomali wasintha. Ntchito yonseyi imatsamira pa kabawuti kamodzi kobooka mkati, kotalika masentimita atatu kapena kucheperapo, kamene kamakhala kuseri kwa gudumu lililonse. M'magalaja kamatchedwa nipple. Kakamasuka bwino, anthu awiri amamaliza ntchito ola lisanathe. Kakagwidwa ndi dzimbiri, galimoto imatha kugona pa jeke masiku angapo, mwini wake ali kalikiliki kufunafuna chitsulo china ku Lilongwe kapena ku Blantyre.

Chimene chimalemetsa ntchitoyi ku Ntcheu ndi malo enieniwo. Msewu wa M1 umachoka ku Dedza pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, umatsata malire a Malawi ndi Mozambique kudutsa Lizulu, Mlangeni ndi Biriwiri, umafika pa boma, kenako umatsetsereka kudzera m'madera a Nsipe ndi Kampepuza mpaka pa Chingeni, kufupi ndi chigwa cha Balaka chimene chili pa mamita pafupifupi 600. Kumadzulo kuli mapiri a Kirk Range ndi minda ya ku Tsangano. Kum'mawa dziko limagwera m'chigwa cha Bwanje, kumene kumadutsa msewu wa M5 ndi njanji, cha ku Kasinje, Sharpevale ndi Bilila. Zokolola zolemera za bomali, monga mbatata ya kachewere, kabichi, matimati ndi nyemba, zimalimidwa kumtunda ndipo misika yake yambiri ili kumunsi. Choncho galimoto imakumana ndi mtsetse pa nthawi imene yalemedwa kwambiri, ndipo buleki yofooka imene ingathe kubisala pa msewu wosalala wa ku Balaka siibisala pano.

Mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, katundu m'njira za Ntcheu ankayenda pamitu ya amtengatenga. Atsamunda a ku Britain atapha Inkosi Gomani Woyamba mu 1896 ndi kulimbitsa ulamuliro wawo pakati pa Angoni, komanso ansembe a chipani cha Montfort atakhazikika ku Nzama mu 1901, njira zinayamba kukuzidwa kuti muzidutsa machila ndi ngolo, kenako njinga zamoto ndi malole. Malolewo anachuluka nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, makamaka m'zaka za m'ma 1920 pamene fodya anakula m'dera la Lilongwe ndipo ankayenera kukafika ku Limbe pa msewu, popeza njanji sinafike ku Salima mpaka mu 1935. Magalimoto ambiri a nthawi imeneyo analibe mafuta a mabuleki nkomwe. Ford Model T, imene inapangidwa mpaka 1927, inali ndi buleki ya phazi yofinya lamba mkati mwa bokosi la magiya, ndipo ya dzanja ndiyo inkagwira magudumu akumbuyo. Magalimoto ena ankalumikiza phazi la dalaivala ndi magudumu kudzera mu ndodo zachitsulo ndi mawaya. Mabuleki oterewa ankavuta kuwalinganiza, gudumu lina linkagwira msanga kuposa linzake, koma chilichonse chinkaonekera poyera. Ndodo ikapindika pa chitsa, munthu wodziwa kusula ankaiwongola ndi moto ndi nyundo.

Mabuleki a mafuta anachokera pa mfundo imene Blaise Pascal wa ku France anafotokoza m'zaka za m'ma 1600: madzi otsekeredwa akakankhidwa pamalo amodzi, mphamvuyo imafika paliponse mofanana. Malcolm Loughead wa ku America, amene dzina lake linadzalembedwa Lockheed, ndiye anaigwiritsa ntchito pa mabuleki a galimoto chakumapeto kwa zaka za m'ma 1910. Duesenberg Model A inatuluka ndi mabuleki amenewa pa magudumu onse anayi mu 1921, Chrysler inatsatira mu 1924, pamene Ford inakakamira zakale mpaka 1939. Ku Britain, kumene kunkachokera magalimoto ambiri a mu Nyasaland, mayina awiri ndiwo anatchuka pa mabuleki, Lockheed ndi Girling, ndipo amakaniko achikulire amawakumbukirabe chifukwa ankalembedwa pa zitini za mafuta ndi pa timapaketi ta malabala.

Kagwiridwe kake nkosavuta kukamvetsa. Phazi likaponda, limakankha pisitoni mu master cylinder. Mafuta amayenda m'mapaipi opyapyala mpaka ku magudumu, kumene amakankha mapisitoni ena amene amafinyira zogwirira pa dilamu kapena pa disiki. Munthu akaponda mwamphamvu, mphamvu ya mkati mwa mapaipiwo imaposa ya mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono maulendo 30 kapena kuposerapo. Zonsezi zimatheka chifukwa mafuta safinyika. Mpweya umafinyika. Kathovu kamodzi kakalowa m'paipi, phazi limayamba lafinya kathovuko lisanakankhe chilichonse, chopondera chimafewa ndi kutsika pansi, ndipo dalaivala amayamba kupompa kawiri kapena katatu kuti galimoto iime. Mpweya umalowa paipi ikamasulidwa pokonza, mafuta akatha m'kathanki, kapena labala ikatha n'kumayamwa mpweya pobwerera. Popeza mpweya umakwera pamwamba pa mafuta, opanga magalimoto anaika kabawuti kotulutsira pamalo okwera kwambiri a silinda ya gudumu lililonse.

Mu Nyasaland mabuleki amenewa anafala kwenikweni nkhondo yachiwiri itatha mu 1945. Kampani ya mabasi ya Nyasaland Transport Company inayamba mu 1947, Land Rover inatuluka ku Britain mu 1948 ndipo posakhalitsa inakhala galimoto ya boma, ya apolisi ndi ya amishoni, malole a Bedford ndi timagalimoto ta Morris ndi Austin tinatsatira. Luso lokonza linalowa m'bomali kudzera m'makomo angapo. Ena anaphunzira m'magalaja a boma a zomangamanga, ena kwa amishoni, ena ku usilikali wa King's African Rifles. Ambiri analibweretsa kuchokera ku Salisbury, Bulawayo ndi Johannesburg, kumene amuna a ku Ntcheu ankapita kukagwira ntchito, ena a iwo n'kukhala madalaivala kapena othandizira m'magalaja. Magalimoto a nthawi imeneyo anali ndi njira imodzi yokha ya mafuta yodyetsa magudumu onse anayi. Paipi imodzi ikabooka, mabuleki onse ankathera limodzi. Njira ziwiri zosiyana, zoti ina ikafa ina itsale, zinayamba kukakamizidwa ndi lamulo ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo magalimoto akale a njira imodzi anayendabe m'misewu ya Malawi zaka zambiri pambuyo pake.

Kabulididwe kamene kanakhazikika nthawi imeneyo ndi komwe kakuchitikabe m'magalaja a pa boma ndi m'misika ya m'mbali mwa M1. Pamafunika anthu awiri. Wamng'ono amakhala pa mpando wa dalaivala, wamkulu amagona pansi ndi sipanala. Wapansi akati "pompa", wapampando amaponda katatu kapena kanayi mosafulumira. Akati "gwira", amatsindika phazi osalisuntha. Kabawuti kamamasulidwa pang'ono, mwina gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira kumodzi, mafuta ndi thovu zimatuluka, chopondera chimatsika, kabawuti kamatsekedwa, ndipo pokhapo wapansi amati "siya". Wapampando akadzutsa phazi kabawuti kasanatsekedwe, mpweya umayamwidwira mkati ndipo ntchito imabwerera poyambira. Amakaniko osamala amaveka kapaipi koonekera mkati pa mutu wa kabawutiko, mbali inayo n'kuimiza m'botolo lokhala ndi mafuta pang'ono, kuti aone thovu likatha. Nthawi yonseyi kathanki kakumtunda kamayenera kuwonjezeredwa, chifukwa kakauma ntchito yonse yapita pachabe. Mwambo wake ndi woyambira gudumu lakutali kwambiri ndi master cylinder n'kumalizira lapafupi, ngakhale magalimoto ena ali ndi ndondomeko yawoyawo malinga ndi mmene mapaipi anayalidwira.

Anyamata ambiri ophunzira umakaniko analowera pa mpando umenewu. Kupompa kunali phunziro loyamba loposa kutsuka zitsulo ndi kupatsira sipanala, ndipo kunkaphunzitsa phazi kusiyanitsa buleki yolimba, buleki ya mpweya, ndi buleki imene ikutsika pang'onopang'ono chifukwa labala ya mu master cylinder ikuthawitsa mafuta mkati. Kusiyanitsa kumeneku nkofunika, pakuti vuto lachitatuli silitha ndi kubulida, ngakhale mafuta atatha chitini chonse. Palinso chenjezo limene amakaniko akale ankapereka ndipo ndi loona: pa galimoto yakale, chopondera chisamakankhidwe mpaka pansi penipeni, chifukwa pisitoni imafika m'chigawo cha silinda chimene sichinagwirepo ntchito, chodzaza dzimbiri, labala n'kung'ambika. Kathabwa koikidwa pansi pa chopondera kamateteza zimenezi. Land Rover yaitali, ya mainchesi 109, inatchuka ndi kuvuta kwake, chifukwa gudumu lililonse lakutsogolo linali ndi masilinda awiri olumikizana ndipo mpweya unkabisala mwa imodzi. Makaniko amene ankailimbitsa buleki ulendo umodzi ankapatsidwa ulemu.

Msewu wa Zomba kupita ku Lilongwe kudzera ku Ntcheu utathiridwa phula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, magalimoto anachuluka komanso anayamba kuthamanga. Liwiro linaonetsa vuto lina limene fumbi ndi zigwembe zinkabisa, ndilo kutentha. Buleki imaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo pa mtsetse wautali kutenthako kumafika ku mafuta. Mafuta oyambirira ankapangidwa kuchokera ku nsatsi ndi alcohol, ndipo a masiku ano ambiri ndi a glycol, amene ali ndi khalidwe loyamwa chinyezi cha mumpweya kudzera pa chivundikiro ndi m'mapaipi a labala. Mafuta atsopano a DOT 3 sayenera kuwira asanafike madigiri 205, a DOT 4 asanafike 230. Akayamwa madzi okwana magawo pafupifupi 3.7 pa 100, malirewo amatsika kufika pa 140 ndi 155. Mafuta akawira amapanga nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika monga mpweya. Dalaivala amene anachoka ku Lizulu buleki ili yolimba amatha kupeza chopondera chikugwa pansi asanafike kumunsi, galimoto ikazizira buleki n'kubwerera ngati palibe chinachitika. N'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amalamula kusintha mafuta onse pakatha zaka ziwiri. Lamulo limeneli ndi limene eni magalimoto ambiri amalinyalanyaza, ndipo kunyalanyazako ndi kumene kumabala vuto la kabawuti, pakuti kabawuti kamene sikanakhudzidwe zaka zisanu ndi ziwiri kapena khumi ndiko kamakana kumasuka.

Zaka za m'ma 1980 zinali zolemetsa pa msewu umenewu. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, katundu wambiri wa dziko anasamukira pa malole, ndipo kuyambira cha mu 1986 anthu othawa nkhondo anadzaza m'midzi ya m'malire a Ntcheu, zimene zinabweretsa magalimoto ambiri onyamula chakudya m'misewu yafumbi. Nthawi yomweyo magalimoto a ku Britain ankachepa, m'malo mwake mukulowa Peugeot 404 ndi 504, Datsun, ndi Toyota Hilux ndi Land Cruiser. Kusinthaku kunasokoneza bokosi la makaniko. Magalimoto a ku Britain anali ndi mazinga a muyeso wa mainchesi, kawirikawiri 3/8 UNF, pamene a ku Japan ndi ku Ulaya anali a mamilimita, monga M10 pa manati a mapaipi, M7 kapena M8 pa tibawuti tambiri. Nati ya 3/8 imalowa m'bowo la M10 ndipo imaoneka ngati yagwira, koma imakhala yolobodoka ndipo ikhoza kuzuka buleki ikapondedwa mwamphamvu. Masipanala nawonso amanyenga mofananamo. Ya 7/16 ya inchi imaposa pang'ono ya mamilimita 11, ya 5/16 imayandikana ndi ya 8, ndipo sipanala yakutha mano kapena yosakwana bwino imapala ngodya za mutu wa kabawuti mpaka kukhala wozungulira.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994 ndipo malonda atamasulidwa, mabasi aakulu anayamba kugonja. Kampani ya mabasi imene inkadziwika kuti UTM inagulidwa ndi Stagecoach mu 1989, inasanduka Shire Bus Lines mu 1997, ndipo inadzatha zaka pafupifupi khumi pambuyo pake. Makampani oterewa anali ndi magalaja awo ndi ndandanda yoyendera mabuleki. Malo awo anatengedwa ndi maminibasi a anthu wamba, Toyota HiAce, Nissan Caravan ndi Mazda Bongo, kenako timagalimoto ta Probox ndi Sienta tonyamula anthu pakati pa boma ndi misika yakumidzi. Pafupifupi onse amafika atagwirapo kale ntchito ku Japan kapena ku Britain, kudzera m'madoko monga Dar es Salaam ndi Durban. Udindo wosamala buleki unachoka kwa kapitawo wa galaja n'kugwera mwini galimoto imodzi amene amawerengera tsiku lililonse limene galimotoyo yaima. Magalimoto amenewa anabwera ndi madisiki kutsogolo ndi madilamu kumbuyo. Ma pickup ndi maminibasi ambiri a Toyota alinso ndi valavu kumbuyo imene imawonjezera mphamvu ya buleki ya kumbuyo galimoto ikalemedwa, ndipo pa mitundu ina valavuyo ili ndi kabawuti kakekake kachisanu. Kameneka kamaiwalika kawirikawiri, ngakhale kuti pa pickup yodzaza matumba a kachewere kuchokera ku Tsangano ndiyo valavu imene ikugwira ntchito yaikulu.

Dzimbiri la pa kabawuti lili ndi magwero angapo. Ku Malawi sathira mchere m'misewu monga amachitira m'mayiko a chisanu, koma galimoto yochokera ku Britain kapena kumpoto kwa Japan imafika itadyedwa kale ndi mcherewo. Kuno matope a dzinja amamatirira kuseri kwa gudumu ndi kusunga chinyezi, magalimoto amawoloka mitsinje ndi kutsukidwira m'madzi, ndipo feteleza wotayikira pansi pa pickup amadya chitsulo msanga. Kabawuti kalikonse kamachoka ku fakitale ndi kachipewa ka labala. Kakatayika, madzi amalowa m'bowo la mkati n'kukafika pa mazinga kuchokera pansi. Mafuta akale odzaza madzi amadyanso nsonga yake kuchokera mkati. Pamene silinda kapena caliper, imene imafinyira zogwirira pa disiki, ndi ya aluminiyamu ndipo kabawuti ndi kachitsulo, zitsulo ziwirizi zimadyana pakakhala chinyezi, pamatuluka ufa woyera umene umatupa ndi kumanga mazinga kuposa dzimbiri wamba. Gwero lomaliza ndi dzanja la makaniko wam'mbuyo. Chimene chimatseka mafuta si mazinga ayi, koma nsonga yosongoka ya kabawuti imene imakhala pa mpando wake pansi pa bowo. Mphamvu yochepa, ya manyutoni mita pafupifupi 10 pa magalimoto ang'onoang'ono, imakwanira. Kumanga mopitirira kumaphwanya nsongayo ndipo sikuwonjezera chitetezo chilichonse.

Pomasula kabawuti kogwidwa, ndondomeko imene amakaniko odziwa anaikhazikitsa ndi yoyamba ndi njira yofatsa. Malowo amapalidwa ndi bulashi ya waya mpaka pomwe mazinga akulowera paonekere, kenako pamathiridwa mafuta olowerera m'dzimbiri, kapena dizilo ngati palibe, n'kuwasiya maola angapo, bwinonso usiku wonse. Mutu wa kabawuti umagogodedwa pang'onopang'ono ndi hamala yaing'ono molunjika, kuti kunjenjemera kuswe dzimbiri m'mazinga. Chida choyenera ndi soketi kapena sipanala yozungulira ya ngodya zisanu ndi imodzi, ya muyeso weniweni, kawirikawiri 8 kapena 10 pa magalimoto a ku Japan. Sipanala yotsegula kukamwa, shifitingi ndi pulayala zawononga tibawuti tochuluka kuposa dzimbiri. Kabawuti kamayamba kakankhidwira kumanga pang'ono chabe, kenako kumasula, kubwerezabwereza, kukuthiridwa mafuta. Popeza ndi kobooka mkati, kamapotoka msanga. Ena amalowetsa msomali kapena thako la dilu lokwana bwino m'bowolo kuti khoma lake lisaphwanyikire mkati. Chizindikiro choopsa ndi pamene sipanala yayamba kuyenda mofewa koma tsinde la kabawuti silikuzungulira. Pamenepo chitsulo chikupotoka ndipo dzanja liyenera kuima.

Zikakanika, pamabwera moto, ndipo apa umakaniko umakumana ndi owotcherera. Kutenthetsa chitsulo chozungulira kabawuti kumachifutukula n'kuswa dzimbiri. Koma mafuta a mabuleki amayaka, paipi ya labala yotsekeka ikatenthedwa imaphulika, ndipo malabala a pisitoni amapsa. Njira yabwino ndi kuchotsa caliper kapena silinda pagalimoto, kukhuthula mafuta, kutulutsa pisitoni ndi malabala, n'kutenthetsa chitsulo chokhachokha chitamangidwa pa vayisi. Aluminiyamu imafuna kusamala kowirikiza chifukwa imasungunuka pa madigiri pafupifupi 660 popanda kufiira kuti ichenjeze. Mutu ukakhala kuti wazungulira kale kapena waduka, njira imene yapulumutsa ma caliper ambiri ndi kuika nati pamwamba pa chotsalacho n'kuwotcherera mkati mwake. Nati imapereka pogwira patsopano, ndipo kutentha kwa kuwotcherera kumalowa m'kabawuti komweko. Njira imeneyi inafala pamene magetsi ndi makina owotcherera anafika m'misika ya m'mbali mwa msewu.

Kabawuti kakadukira mkati, chotsala ndi kuboola. Timisomali tolimba ta mazinga obwerera, timene timagulitsidwa kuti tizizula mabawuti oduka, sitiyenera kudaliridwa kwambiri pano, chifukwa timafutukula chotsalacho n'kuchimangitsa kwambiri, ndipo tikathyokera mkati palibe dilu wamba imene ingatiboole. Kuboola kumayenera kutsata bowo lakale, kukulitsa pang'onopang'ono, n'kuima nsonga ya dilu isanakhudze mpando wa pansi, pakuti mpandowo ukakandika palibe kabawuti katsopano kamene kangatseke. Zinyenyeswa zonse ziyenera kutsukidwa musanabwezedwe pisitoni. Pa silinda ya dilamu, imene mtengo wake ndi wochepa, nzeru ndi kugula ina. Pa caliper nkhani imasiyana. Kwacha itagwa mu 2012, mu 2022, komanso ndi magawo 44 pa 100 mu November 2023, chitsulo chatsopano chinakwera mtengo kwambiri, ndipo ambiri amathamangira ku zophwasula. Caliper ya ku zophwasula ili ndi msampha wake: ya kumanja imatha kulowa kumanzere bwinobwino, koma kabawuti kamapezeka pansi, mpweya n'kutsalira pamwamba, ndipo buleki siilimba ngakhale atabulida tsiku lonse.

Manati a mapaipi ali ndi vuto lawo losiyana. Nati imatha kumasuka m'mazinga koma itamatirira ku paipi imene ili mkati mwake, moti ikamazungulira imapota paipiyo mpaka kuduka. Pali sipanala yake yapadera, yozungulira koma yodulidwa kampata kolowetsera paipi, imene imagwira ngodya zambiri kuposa yotsegula. Polumikizana paipi yachitsulo ndi ya labala pamafunika masipanala awiri, ina yogwiriziza. Nati ikakana, amakaniko ena amamasula silinda n'kuizunguliza iyo m'malo mwa nati, ena amadula paipi kuti soketi ilowe, n'kupanga paipi yatsopano. Paipi ya buleki pa magalimoto ang'onoang'ono ndi ya mamilimita 4.75, ndipo mlomo wake umayenera kupindidwa kawiri kapena kutukumulidwa ndi chida chake molingana ndi bowo limene ukulowamo. Mlomo wofutukulidwa kamodzi ndi msomali umang'ambika. Paipi ya kopa yochokera ku mafiliji imauma ndi kunjenjemera kwa galimoto n'kusweka. Yoyenera ndi yachitsulo ya makoma awiri kapena yosakaniza kopa ndi nickel.

M'mbiri ya ntchitoyi mulinso njira za mwadzidzidzi zimene zinabadwa chifukwa cha kusowa, ndipo zina mwa izo ziyenera kutchulidwa kuti ndi zoopsa. Kutulutsira mpweya pa nati ya paipi pamene kabawuti kakana kumafikitsa galimoto ku galaja, koma sikuchotsa mpweya wonse. Kuthira madzi a sopo mafuta akatha panjira kumabweza buleki kwa kanthawi, koma madzi amawira pa madigiri 100 ndipo amadzetsa dzimbiri m'masilinda onse. Oilo wa injini kapena wa chiwongolero amatupitsa labala iliyonse m'njira yonseyo. Kuphwanya paipi ya gudumu lodontha kapena kuitseka ndi msomali kumasiya galimoto ndi mabuleki atatu, ndipo imakokera mbali imodzi ikapondedwa mwadzidzidzi. Wochita zimenezi usiku pakati pa tchire akhoza kumveka. Wozisiya choncho m'mawa mwake n'kukweza anthu alibe chodzikanira, makamaka pa msewu umene misika yake imayalidwa m'mphepete mwenimweni mwa phula. Ngozi ya pa Kampepuza mu 2019, pamene lole inalowa pakati pa anthu n'kupha ambiri, imakumbutsa anthu a m'bomali chimene chimachitika galimoto ikalephera kuima pamalo otere. Malole aakulu ndi mabasi amayendera mabuleki a mpweya, ochokera ku luso limene George Westinghouse anapangira sitima mu 1869, ndipo iwo sabulididwa. Ntchito yawo ndi kukhuthula madzi m'matanki a mpweya ndi kulinganiza zogwirira. Kubulida ndi kwa magalimoto ang'onoang'ono, maminibasi ndi malole a matani ochepa, amene ndiwo amanyamula anthu ambiri a ku Ntcheu tsiku ndi tsiku.

Boma linayesa kuika ntchitoyi m'dongosolo kudzera m'njira ziwiri. Lamulo la pamsewu la 1997 limafuna kuti galimoto ikhale ndi chiphaso cha COF, chimene kuyesa mabuleki ndi mbali yake, ngakhale kuyesako kumaona mmene galimoto ikuimira tsiku limenelo, osati zaka za mafuta ake. Bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo umakaniko umaphunzitsidwa m'makoleji monga Lilongwe Technical College. Komabe amakaniko ochuluka a m'misika ya Ntcheu amaphunzirabe pansi pa galimoto, kwa makaniko mnzawo wamkulu.

Magalimoto a masiku ano awonjezera zina. ABS, njira yoteteza magudumu kuti asakhuluzike poponda buleki, imene Bosch ndi Mercedes-Benz anaitulutsa mu 1978, tsopano ili pafupifupi m'galimoto iliyonse yochokera ku Japan. Kubulida wamba kumatheka monga kale, koma mpweya ukalowa m'bokosi la mavalavu a ABS, pa mitundu ina umatuluka pokhapokha kompyuta yoyezera italamula mavalavuwo kutseguka, ndipo magalimoto a hybrid amafuna ndondomeko yawo yapadera. Njinga zamoto za kabaza, zimene zachuluka m'misika ya m'malire, zabweretsa ntchitoyi kwa okonza njinga, chifukwa zina mwa izo zili ndi disiki kutsogolo. Caliper yake ndi ya aluminiyamu, kabawuti kake kawirikawiri ndi ka sipanala ya 8, ndipo kamakhala pamalo pamene matope a gudumu lakutsogolo amagwera. Munthu mmodzi akhoza kubulida yekha, dzanja lina pa chogwirira, lina pa sipanala, koma kathanki kake ndi kakang'ono moti kamafuna kuwonjezeredwa akangotulutsa kangapo. Pomaliza, pa njinga ndi pa galimoto pomwe, mafuta otayikira amatsukidwa ndi madzi chifukwa amadya penti, chopondera chimatsindikidwa kwa kanthawi kuona ngati chikutsika, malo onse amene anamasulidwa amayang'anidwa ngati akudontha, ndipo kachipewa ka labala kamabwezedwa pa kabawuti galimoto isanatsitsidwe pa jeke.